Galimoto yobwera m'makatoni ndi mkangano wa dzimbiri

Mkonzi atandituma kuti ndikaone anthu a ku Britain amene amadzilumikizira okha galimoto m'magalaja a panyumba, ndinkayesa ndikapeza anyamata opupuluma. Ndinakapeza bambo wa imvi, wopuma pantchito, atagona chagada pa katoni, pansi pa chinthu chonga bafa la malata loikidwa matayala. Unali m'mawa wa Loweruka, mwezi wa Malichi, kunja kwa tawuni ya Northampton, chisanu chikulumabe zala.

Eni ake amangoti Seven. Mipando ndi iwiri, zitseko zenizeni palibe, denga ndi lona lomangirira ndi mabatani, ndipo ukakhala pampando n'kutulutsa mkono umakhudza phula. Yonse imalemera makilogalamu 500 ndi pang'ono, theka chabe la galimoto yaing'ono ya banja, n'chifukwa chake injini wamba imaithamangitsa ngati yalumidwa ndi mavu. Mtundu umenewu unayamba mu 1957. Unkagulitsidwa m'makatoni chifukwa msonkho wa galimoto zatsopano sunkakhudza zida zosalumikiza. Mwayi wozemba msonkhowo unatha mu 1973 pamene VAT inabwera, koma chizolowezi chinali chitamera mizu. Otengera kapangidwe kake anachuluka, mpaka ku Durban ku South Africa, ndipo buku lina la mu 1996 linalonjeza kuti munthu akhoza kudzipangira yake ndi mapaundi 250. Nditawakumbutsa za bukulo, bambowo anaseka mpaka kutsokomola.

Yawo sanalumikize okha. Anagula kwa munthu amene anaimanga m'zaka za m'ma 1990, koma chiigulireni palibe makanika amene waikhudza. Oyilo, mapulagi, mabuleki, zonse amachita okha. Anandiuza chifukwa chake: ukatsegula timaloko tinayi, n'kunyamula boneti ndi manja awiri ngati chivundikiro cha poto, injini yonse imakhala pambalambanda. Palibe pulasitiki yobisa kanthu, palibe bawuti yoti mpaka uchotse zinthu zisanu kuti uifikire. Munthu amene anayesapo kusintha babu la galimoto yamakono n'kusupuka zala akhoza kulira ndi nsanje.

Tsoka linayamba ndi timatuza. Chaka chatha, akupukuta m'mbali, anaona kuti penti yatukusira chakumunsi kwa lata la aluminiyamu, kuseri kwa tayala lakutsogolo. Atakanda panatuluka ufa woyera. Apa m'pomwe galimotozi zimabisa matenda ake. Mafupa ake ndi fulemu ya timapaipi tachitsulo topyapyala, ndipo lata limakhomedwa pamwamba pake ndi maliveti. Tayala limaponya matope m'kampata ka pakati pa lata ndi poika mapazi, matopewo amakhala ndi mchere umene amawaza m'misewu nyengo yozizira, ndipo aluminiyamu ndi chitsulo zikakhudzana m'madzi amchere zimadyana. Kunja galimoto ikunyezimira, mkati chiswe chili pantchito.

Anabowola maliveti imodziimodzi, madzulo aliwonse kwa milungu itatu. Timitu take akusunga m'chigubu cha ayisikilimu, ndipo atachigwedeza chinalira ngati chisekese. Lata litachoka, paipi ya mmunsi inapezeka itadyeka kutalika kwa chikhatho. Anatenga sikuludiraiva n'kundipatsa kuti ndibaye ndekha. Inalowa ngati ndikubaya mbatata yophika. Anandiyang'ana monyadira, ngati mlenje woonetsa chipsera.

Tsono mkangano uli apa: adule gawo lowolalo n'kuwotcherera paipi yatsopano okha, kapena avule galimoto yonse n'kutumiza fulemu kwa akatswiri? Tili mkati mocheza kunafika mnzawo wa Seven yobiriwira, makutu atafiira ndi mphepo, ndipo ndinazindikira msanga kuti nkhaniyi akhala akukokana nayo kuyambira Khirisimasi.

Mlendoyo sankafuna n'komwe kuona makina owotcherera amene anali pakona. Mfundo yake yaikulu inali yakuti mafulemu akale a mtundu umenewu sanalumikizidwe posungunula chitsulo chenichenicho. Anamatidwa ndi mkuwa wosungunula pa moto wa gasi, ndipo anandilozera timizere tachikasu m'mfundo za mapaipi. Ukabwera ndi makina a magetsi pafupi ndi mkuwa umenewo, umasakanikirana ndi chitsulo, mfundo imaoneka yokongola koma imadzang'aluka mwakachetechete. Anawonjezera kuti moto umakoka chitsulo. Fulemu ikapindika mamilimita ochepa okha, matayala sapondanso mofanana, ndipo galimoto yopepuka chonchi imakuuza pa kona, nthawi itatha kale. Akatswiri amayamba amanga fulemu pa tebulo lachitsulo loyezedwa bwino asanayatse moto. Bambo wathu ali ndi simenti ya galaja yosalingana ndi timatabwa.

Mwini galimoto sanagonje. Anati kutumiza fulemu ndiye kuti injini, giya, mawaya, thanki, chilichonse chituluke, kenako kudikira miyezi pa mzere, ndipo chilimwe cha ku England, chomwe n'chachifupi ngati ulendo wa kudambo, chidutse galimoto ili m'makatoni momwe inayambira. Za ndalama sanatchule chiwerengero, anangoloza kudenga. Koma chomwe chinkawawawa kwenikweni si ndalama. Kwa iwo galimoto yotere ukaipereka kwa wina kuti akukonzere, wasanduka wobwereka. Anatulutsa pansi pa tebulo ndowa ya tizidutswa ta paipi tomwe akhala akuphunzirirapo, tina atatidula pakati kuti aone ngati moto unalowa, tina atatiphwanya ndi hamala. Tizidutswa tomaliza sitinathyokere pamfundo. Paja anthu ambirimbiri, anatero, awotcherera fulemu yonse m'galaja kuchokera pa mapaipi ogula, ndipo galimoto zawo zinapambana mayeso a boma.

Apa ndi pomwe ine ndinaona kuti mwini galimotoyo akuterereka. Mayeso amene ankanena, otchedwa IVA kuyambira 2009, ndi okhwimadi. Amayeza mabuleki, phokoso, magetsi, malamba, ngakhale m'mphepete mwa chitsulo chilichonse choonekera, kuti pasakhale pakuthwa poti n'kucheka munthu woyenda pansi. Koma amachitika galimoto isanalandire nambala. Ikangolowa pamsewu chotsala ndi MOT ya chaka ndi chaka, yofanana ndi COF kwathu, ndipo woyeza saloledwa kumasula kanthu. Lata likakhomedwanso, mfundo ya bambowo palibenso adzaione, kaya ndi yabwino kaya ndi yoipa. Wodzagula galimotoyo zaka zikubwerazi adzakhala akukhulupirira dzanja la munthu amene sakumudziwa. Mnzawo uja mfundoyi anaibwereza katatu, ndipo kachitatuko mwini galimoto anapita kukaika ketulo pamoto.

Komabe sindinganene kuti mlendoyo wawina. Lisiti la galaja silitsimikizira kuti ntchito inagwirika bwino, ndipo sindinaonepo makanika wolipidwa akuphwanya ntchito yake ndi hamala kuti aione mkati. Ndinakumbukira owotcherera a ku Biwi ndi ku Ndirande, amene paipi yotere akanaimaliza nsima isanapse, mwini wake n'kuthokoza. Kuno anthu awiri achikulire atha miyezi itatu akukangana za chitsulo chotalika ngati chikhatho. Poyamba ndinkaona ngati n'kukhuta. Nditakhala pampando wa Seven ya mlendo uja n'kuona kuti pakati pa chiuno changa ndi msewu pali paipi yonga yomweyo ndi lata lopyapyala, kuseka kunandithera.

Pomwe ndimatsanzika anali atafika poti mwina mwini galimoto adule okha gawo lowolalo, koma aitane munthu wodziwa za mkuwa adzamate m'galaja momwemo iwo akuonerera. Aliyense ankaoneka kuti waluza.

Mayi a panyumbapo anandiperekeza mpaka pageti. Galimoto yawo yopitira kumsika inali panja, galasi litachita chisanu, ndipo anati yagona pabwalo zaka zonsezi chifukwa galaja ili ndi mwini wake. Mipando ya Seven ili m'chipinda cha alendo, boneti ili kuseri kwa sofa atayikuta ndi bulangete. Pampando wa dalaivala, anatero, mphaka ndiye akugonapo chiyambire Disembala, ndipo sakudziwa kuti adzamuuza bwanji.