Hatchi si ng'ombe: zoyenera kudziwa musanakwere, musanagule

Funso limene ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti, "Kodi hatchi imagulidwa ndalama zingati?" Amafunsa ndi makolo amene mwana wawo anakwerapo kamodzi pa phiri la Zomba kapena ku Kande, m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Chintheche, ndipo chibwerereni kumeneko pakamwa pake pangokhala za hatchi. Amafunsanso alimi amene ali ndi malo aakulu ndi ng'ombe zambiri, amene amaona kuti kuwonjezera chiweto chimodzi m'khola si nkhani. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa anthu kukwera ndi kusamalira mahatchi, ndiye funsoli limandisangalatsa, chifukwa ndimalakalaka anthu ambiri kuno kwathu atayidziwa nyama imeneyi. Komabe pa magulu awiriwa, amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi mlimi wa ng'ombe uja. Nzeru zimene zalemeretsa khola lake kwa zaka zambiri, zina mwa izo zikhoza kupha hatchi pa sabata imodzi.

Tiyambe ndi mtima wake. Ng'ombe ili ndi nyanga, ikaopsezedwa imatha kuima n'kuyang'anizana ndi mdani. Chida chachikulu cha hatchi ndi liwiro. Ikaona chinthu chachilendo imayamba yathawa, kuganiza kumabwera pambuyo. Jumbo youluka ndi mphepo, galu wotulukira pa tchire, ambulera yotsegulidwa mwadzidzidzi, zonsezi zikhoza kuilumphitsa cham'mbali ngakhale ikhale yofatsa bwanji. N'chifukwa chake mkuwo ndi chikwapu, zimene abusa amayendetsera ng'ombe popita kudipi, kwa hatchi zimangowonjezera mantha, ndipo nyama yamantha yolemera makilogalamu 450 kapena 500 palibe munthu amene angaigwire ndi mphamvu za manja.

Maso ake ali m'mbali mwa mutu, moti imaona pafupifupi mbali zonse, kupatula malo awiri: patsogolo penipeni pa chipumi ndi kumbuyo kwenikweni kwa mchira. Poiyandikira, bwerani cha paphewa mukulankhula nayo motsitsa mawu. Musaitulukire kumbuyo mwakachetechete. Yang'anani makutu ake, chifukwa ndiwo amaulula zimene ili nazo. Akaloza kutsogolo, yaika chidwi pa chinthu chimene chili uko. Khutu limodzi likatembenukira kwa inu, ikukumvetserani. Onse awiri akagona chagada mpaka kukhudza khosi, yakwiya ndipo ikukuchenjezani, chokanipo. Ndipo chingwe choitsogolera musachikulunge padzanja ngakhale tsiku limodzi. Chipindeni n'kuchigwira m'chikhatho, kuti ikadzidzimuka chingwe chipulumuke, zala zanu zitsale.

Kukwera kwenikweniko kumaoneka kovuta kuposa mmene kulili. Pa tsiku loyamba mumafunika zinthu zitatu: chipewa cholimba chopangidwira okwera hatchi, buluku lalitali, ndi nsapato zotseka zokhala ndi kachidendene kakang'ono, koletsa phazi kulowa lonse m'chitsulo chopondera. Mapatapata ayi. Timakwerera kumanzere kwa hatchi. Mukakhala pa chishalo, thupi lanu lidzafuna kuchita zinthu ziwiri zolakwika: kuweramira kutsogolo ndi kufinya hatchi ndi miyendo. Koma kufinya ndi miyendo ndicho chizindikiro chimene hatchi inaphunzitsidwa kuti chikutanthauza "tiye", ndiye wophunzira wamantha amaiuza kuti ithamange pa nthawi imene akufuna kuti iime. Khalani mowongoka, zidendene zitsike, maso ayang'ane kumene mukupita, ndipo muzipuma.

Chimene ndimalimbikira kwambiri ndi manja. Kachitsulo kamene timaika m'kamwa mwa hatchi kamakhala pa nkhama, pa mpata wopanda mano umene uli pakati pa mano akutsogolo ndi akumbuyo. Malo amenewa ndi anthete. Nyama imene imamva ntchentche yatera pamsana n'kugwedeza khungu la pamalo omwewo siifunika kukokedwa ndi mphamvu. Wophunzira amene akugwiritsa ntchito zingwe ngati pogwirira kuti asagwe amaipweteka pa sitepe iliyonse, ndipo pakapita nthawi hatchiyo imauma pakamwa, anthu n'kumati ndi yamakani. Ine wophunzira watsopano ndimayamba ndamuyendetsa mozungulira, hatchi ili pa chingwe chachitali chimene ndagwira ine, iye manja ali m'chiuno, mpaka thupi lake litaphunzira kukhazikika palokha. Kuyenda wamba kumaphweka. Kuthamanga pang'ono, kumene miyendo imagunda pansi iwiriiwiri, ndiko kumagwedeza munthu mpaka mano kugundana, kufikira tsiku limene wagwira kayendedwe kake n'kuyamba kunyamuka ndi kukhala motsatira hatchi. Tsiku limenelo nkhope ya wophunzira imawala, ndipo ine sinditopa kuliona.

Tsopano tifike pa mimba, pamene pagona nkhani yonse ya kuweta. Ng'ombe ili ndi mimba ya zigawo zinayi. Imadya mofulumira, kenako imagona pamthunzi n'kumabzikula. Hatchi ili ndi chifu chimodzi chaching'ono, cha malita 8 mpaka 15 basi, ndipo udzu umakagayidwa kumapeto, m'matumbo aakulu. Inalengedwa kuti izidya pang'onopang'ono pafupifupi tsiku lonse, usiku womwe. Chinanso, hatchi siingathe kusanza. Chimene chalowa, chabwino kapena choipa, chiyenera kuyenda ulendo wonse.

Chakudya chake chenicheni ndi udzu. Hatchi ya makilogalamu 500 imafuna makilogalamu 8 mpaka 10 a udzu wouma pa tsiku, ndi madzi oyera malita 25 mpaka 50, kapena kuposa apo m'nyengo yotentha ya October. Werengerani nokha udzu umenewo kuyambira June mpaka mvula yoyamba, pamene madambo auma ndipo tchire lapsa. Amene sanamwete ndi kuumitsa udzu mvula ikamatha, amayamba kudalira madeya, ndipo mavuto amayambira pomwepo. Chidebe chodzaza madeya kapena chimanga, chimene ng'ombe yozolowera ingadye n'kunenepa, chimasokoneza matumbo a hatchi. Zotsatira zake ndi kupotokola kwa m'mimba, kapena kutupa kwa mkati mwa ziboda kumene kumailemaza moyo wake wonse. Chakudya chilichonse chatsopano chiziyamba pang'ono, n'kumawonjezera pa sabata imodzi kapena ziwiri.

Pali zinthu zitatu zopezeka pafupifupi pa famu iliyonse zimene ndikupempha kuti muzikumbukire. Choyamba ndi chimanga chachuku, chija timati n'chosayenera anthu, tipatse ziweto. Chuku china cha m'chimanga chimatulutsa poizoni wotchedwa fumonisin, ndipo pa ziweto zonse hatchi ndiyo imagonja msanga: ubongo umawonongeka, imayamba kuyenda mozungulira, kugunda makoma, kenako imafa. Chachiwiri ndi chakudya cha nkhuku kapena cha ng'ombe chogula m'matumba. China chimakhala ndi mankhwala otchedwa monensin, amene nkhuku ndi ng'ombe zimapindula nawo, koma amawononga mtima wa hatchi ngakhale atakhala ochepa. Chachitatu ndi dipi. Mankhwala a nkhupakupa okhala ndi amitraz, ofala kwambiri kwa alimi a ng'ombe, amaimitsa matumbo a hatchi. Musanaipopere kanthu kalikonse, werengani pa botolo, ndipo funsani dokotala wa ziweto.

Kupotokola kwa m'mimba muyenera kukuzindikira msanga. Hatchi imasiya kudya, imapalasa pansi ndi mwendo wakutsogolo, imatembenuka n'kumayang'ana mimba yake, imagona n'kudzuka, kugona n'kudzuka, imatuluka thukuta kunja kukuzizira. Mukalowa m'khola m'mawa n'kupeza ndowe zochepa kuposa masiku onse, kapena zouma zolimba, chenjerani. Chotsani chakudya, imbirani dokotala nthawi yomweyo. Nthenda imeneyi siidikira mawa. N'chifukwa chake woweta weniweni ntchito yake yoyamba m'mawa ndi kuyang'ana ndowe ndi chidebe cha madzi.

Mwina munadzifunsapo chifukwa chake abulu ali mbwee ku Dedza ndi ku Lilongwe akukoka ngolo, koma mahatchi ndi owerengeka. Chifukwa chachikulu ndi matenda. M'madera otsika muli kashembe, ntchentche imene imafalitsa kaodzera wa ziweto. Ndiye pali nthenda imene madokotala amaitcha African horse sickness, imene imafala kudzera mwa tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, toluma madzulo ndi mbandakucha, makamaka m'nyengo ya mvula. Mbidzi zimakhala ndi kachilombo kake osadwala, abulu akuno amapirira, koma mwa mahatchi osalandira katemera, asanu ndi anayi pa khumi alionse akhoza kufa. Hatchi imatentha thupi, pamwamba pa maso pamatupa, imavutika kupuma, ndipo thovu limatuluka m'mphuno. Ku Cape, mu 1854 ndi 1855, nthendayi inapha mahatchi pafupifupi 70,000. Dziko la Lesotho, kumene hatchi ndi chokwera cha munthu wamba wakumudzi, lili pamwamba pa mapiri ozizira kumene tizilomboti sitichuluka. Mankhwala ochiza nthendayi kulibe. Chitetezo ndi katemera wa chaka ndi chaka, ndipo wodziwika kwambiri amapangidwa ku Onderstepoort, kufupi ndi Pretoria. Amabayidwa kawiri, motalikirana masabata osachepera atatu, mvula isanayambe. Kuwonjezera apo, hatchi izilowa m'khola dzuwa lisanalowe, izituluka dzuwa litakwera. Ngati simukudziwa kumene mudzapeze katemera ameneyu chaka chilichonse, nthawi yogula hatchi sinakwane.

Kafumbata nayenso amagwira mahatchi mosavuta kuposa ng'ombe, ndipo amalowera pa bala laling'ono, monga la msomali wolasa kuphazi. Katemera wake alipo. Mpanda wa waya waminga, umene ng'ombe zimaulemekeza, hatchi yodzidzimuka imauwomba ili pa liwiro, ndipo khungu lake lopyapyala limang'ambika mpaka mitsempha. Mangani wa matabwa kapena wa mitengo. Ziboda zimakula ngati zikhadabo, zimafuna kusemedwa masabata 6 mpaka 8 alionse ndi munthu wodziwa, ndipo tsiku lililonse muzizinyamula n'kuchotsa miyala ndi matope. Mano ake amapitirira kutuluka kwa zaka zambiri ndipo amasongoka m'mbali n'kumacheka masaya, choncho kamodzi pachaka ayenera kuonedwa ndi kupalidwa. Komanso hatchi ndi nyama ya pagulu. Ikakhala yokhayokha imasungulumwa, imayendayenda m'mbali mwa mpanda ikulira, imaonda. Ngati simungathe kuweta ziwiri, ipezereni mnzake, ngakhale bulu.

Ndiye munthu ayambire pati? Ayambire pa hatchi ya eni ake. Pitani kumene amaphunzitsa, lipirani maphunziro, ndipo phunziro likatha musathamangire kugalimoto. Pemphani kuti muchotse nokha chishalo, muipese, muinyamule miyendo, mukolope m'khola, mutunge madzi. Funsani anyamata ogwira ntchito m'kholamo, chifukwa iwo ndiwo amadziwa kuti iyi imadana ndi kugwiridwa makutu, iyo imatupitsa mimba dala ukamamanga lamba wa chishalo. Chitani zimenezi mpaka mutaona nyengo zonse, dzinja ndi matope ake, chilimwe ndi kusowa kwa udzu. Mwana amene akadali ndi chidwi atanyamula ndowe m'mawa wozizira wa June, ameneyo ndi wokwera hatchi weniweni, ndipo makolo ake akhoza kuyamba kuganiza zogula.

Pogula, maso amakopeka ndi hatchi yaing'ono msinkhu, yonyezimira, yovinavina, ndipo ena amati mwana ndi hatchi akulire limodzi. Maganizo amenewa avulaza ana ambiri. Wophunzira amafunika hatchi yophunzira kale. Funani yamphongo yofula kapena yaikazi yofatsa, ya zaka 10 mpaka 15, imene yanyamulapo anthu ambiri. Musaope zaka zimenezo, pakuti hatchi yosamalidwa bwino imakhala zaka 25 mpaka 30, ndipo zimenezi zikukuuzaninso kutalika kwa udindo umene mukutenga. Yamphongo yosafula isiyireni akatswiri.

Tsiku lokaiona, fikani msanga kuposa nthawi imene munapangana, kuti muione ikugwidwa kubusa, ikupesedwa, ikumangidwa chishalo. Mukaipeza yamangidwa kale ndipo ili thukuta, funsani chifukwa chake. Mwini wake ayambe wakwera inu mukuona, kenako mphunzitsi wanu, inu pomalizira. Ithamangitsidwe pang'ono pa nthaka yolimba ikubwera kwa inu: ngati mutu ukugwedezeka mokweza ndi kutsitsa pa sitepe iliyonse, mwendo wina ukupweteka. Pemphani kuona khadi la katemera. Bwererani tsiku lina mukaionenso, ndipo dokotala wa ziweto amene mwamusankha inu, osati wogulitsa, ayipime mtima, maso, mano ndi miyendo ndalama isanatuluke m'thumba. Ngati ikuchokera kunja, monga ku Zambia, Zimbabwe kapena South Africa, chilolezo cha nthambi ya boma yoona za ziweto chikhale m'manja mwanu hatchiyo isanakwere galimoto, ndipo ikafika ikhale payokha masabata angapo, ikuonana ndi zinzake patali, musanaiphatikize nazo.