Kodi kudziuza kuti "ndine wopambana" m'mawa uliwonse kumathandiza?

Kukangocha, pa WhatsApp ndi Facebook pamadzaza mawu odzilimbikitsa: "ndine wopambana", "lero ndi tsiku langa", "palibe angandiletse". Ena amalangiza kuti munthu aziima pagalasi n'kumawabwereza mokweza mpaka mtima uvomere. Zimenezi si zachilendo. M'zaka za m'ma 1920, Émile Coué, katswiri wa mankhwala wa ku France, anatchuka ku Ulaya ndi ku America chifukwa chouza odwala kuti azibwereza chiganizo chimodzi cholimbikitsa ka 20 m'mawa ndi madzulo.

Ambiri amakhulupirira kuti mawu otere amathandiza kwambiri munthu wodziona ngati wachabechabe. Mu 2009, Joanne Wood ndi anzake a pa University of Waterloo ku Canada anayesa zimenezi pouza ophunzira kuti azidziuza mobwerezabwereza kuti ndi anthu oyenera kukondedwa. Amene ankadzidalira kale anamva bwinoko pang'ono. Koma odzikayikira, omwe ndiwo ankafunikira thandizolo, anakhumudwa kuposa anzawo odzikayikira amene sanauzidwe kunena kanthu. N'zomveka ndithu. Pakamwa pakanena zimene mtima sukukhulupirira, mtima umayamba kutsutsa: umakukumbutsa mayeso amene unalephera, ngongole imene sunabweze, banja limene linatha. Munthu amachoka pagalasipo atadziimba mlandu kuposa poyamba.

Palinso nkhani yakuti ukachita chinthu masiku 21 chimasanduka chizolowezi. Nambalayi inachokera m'buku la mu 1960 la Maxwell Maltz, dokotala wa maopaleshoni amene ankanena za nthawi imene odwala ake ankatenga kuti azolowere maonekedwe awo atsopano. Phillippa Lally ndi anzake a ku University College London atafufuza, anapeza kuti chizolowezi chimatenga masiku pafupifupi 66 kuti chikhazikike, ndipo kwa ena mpaka 254. Choncho amene wagwa ulesi pa sabata yachinayi asadzione ngati wolephera.

Nanga kutsinzina n'kumadziona uli kale mu ofesi yabwino? Gabriele Oettingen anatsatira ophunzira omaliza maphunziro ndipo anapeza kuti amene ankalota kwambiri za ntchito yabwino analemba makalata ofunsira ntchito ochepa, ndipo patapita zaka ziwiri ankalandira malipiro otsika. Malotowo amakhutitsa munthu asanadye.

Izi sizikutanthauza kuti zimene timadziuza n'zopanda ntchito. Nkhani ili pa zimene tikudziuzazo. Mu 2006, Geoffrey Cohen ndi anzake anapempha ana a sukulu ku America kuti alembe kwa mphindi pafupifupi 15 za zinthu zimene amaziona kukhala zofunika pa moyo wawo, monga achibale kapena luso lawo. Ana akuda amene analemba anakhoza bwinoko m'kalasi, ngakhale kuti kafukufuku wina wa pambuyo pake sanapeze phindu lofanana m'sukulu zonse. Taonani kuti anawo sanauzidwe kudzitamanda. Anangodzikumbutsa zinthu zoona zimene anali nazo kale.

Albert Bandura wa ku Stanford ananena kale mu 1977 kuti chimene chimamanga kudzidalira koposa zonse ndi kuchita chinthu n'kuchikwanitsa. Mawu olimbikitsa amabwera pambuyo. Mayi amene wagulitsa mandasi ake onse masiku atatu otsatizana safunikira galasi kuti adziwe kuti geni akuitha.

Ngati mumakonda kudzilankhula m'mawa, pitirizani, koma nenani zimene mungathe kuziikira umboni: "mwezi watha ndinalipira fizi ndekha", kapena "ikakwana 9 koloko ndikapereka kalata yanga ija". Ndipo ngati chisoni chakukanirirani kwa masabata angapo, tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, musalimbane nazo nokha pagalasi. Uzani munthu amene mumamukhulupirira ndipo pitani kuchipatala.