Kukoleka Wailesi ya Kanema m'Chipinda cha Kalavani

Kalavani ndi kanyumba ka mateyala. Ilibe injini yake. Amaikoka ndi galimoto monga mmene ng'ombe zimakokera ngolo. M'kati mwake mumakhala bedi, makabati ndi malo ophikira. Makalavani ndi ambiri ku South Africa, ku Britain ndi ku America. Kuno kwathu timawaona nthawi zina ndi alendo obwera kunyanja, monga ku Senga Bay.

Eni makalavani ambiri amafuna kuonera wailesi ya kanema ali chigonere pa bedi. Ngati inu ndinu kalipentala, tsiku lina akhoza kukuitanani kuti mukawakolekere. Ntchitoyi imaoneka yaing'ono. Koma musaipeputse, chifukwa nyumba iyi imayenda, ndipo khoma lake ndi lopyapyala.

Khoma la kalavani

Khoma la njerwa mumangoboola, n'kumanga, basi. La kalavani si choncho ayi. Kunenepa kwake konse ndi masentimita 2 kapena 3 okha. Kunja kuli chitsulo chopyapyala, kapena pulasitiki yolimba. M'kati muli thabwa la pulayiwudi la mamilimita 3 kapena 4. Pakati pake pali zinthu zoyera zopepuka, zonga zija amatchingira katundu wosweka m'makatoni. Zimenezi zimaletsa kutentha ndi kuzizira, koma sizigwira sikuluwu.

Tsono mukamanga sikuluwu pa thabwa lopyapyalalo, lero idzaoneka ngati yagwira. Koma mawa kalavani ikalowa mumsewu wa mabampu, bowo lidzayamba kukula pang'onopang'ono. Tsiku lina wailesi idzazuka pamodzi ndi chidutswa cha khoma.

Sikuluwu yaitali nayo ndi yoipa. Imatulukira kunja, ndipo mvula imalowera pamenepo. Madzi akalowa m'khoma, matabwa amaola mwakachetechete, mwini wake osadziwa.

Kupeza malo olimba

Makampani ena amaikiratu thabwa kapena chitsulo m'kati mwa khoma, pamalo oyenera wailesi. Ena amamatapo kapepala kosonyeza malowo. Yambani mwafunafuna kapepalako. Ngati palibe, funsani kumene kalavaniyo inagulidwa. Mukhozanso kugogoda khoma ndi chala. Pamene pali mtanda m'kati pamamveka nti nti, osati phwa phwa. Komabe khutu limanama, choncho musadalire kugogoda kokha.

Malo abwino koposa ndi m'mbali mwa kabati ya zovala, ngati ili pafupi ndi bedi. Chifukwa chake n'chakuti mukhoza kufika mbali zonse ziwiri. Dulani thabwa la mamilimita 12 kapena kuposa, lalikulu kuposa chitsulo chokolekera. Liikeni m'kati mwa kabati. Boolani, ndipo mumange ndi mabawuti odutsa mpaka kuseri, okhala ndi mawashala ndi manati. Thabwalo limagawa kulemera pamalo aakulu. Komanso khoma lakunja simunalikhudze, ndiye za mvula palibe nkhawa.

Musanaboole pena paliponse, taonani pamene pali magetsi ndi masiwichi. Mawaya amadutsa m'makoma ndi m'makabati momwemo. Zimitsani magetsi onse, ndipo chotsani waya ku batire. Ngati mukuboola khoma lenileni, kulungani kachidutswa ka tepi pa chibooleracho, kuti kakuuzeni pamene muyenera kulekezera.

Wailesi ndi chitsulo chake

Chipinda cha kalavani n'chaching'ono. Wailesi ya mainchesi 19 mpaka 24 ndi yokwanira. Yotere kawirikawiri siipitirira makilogalamu 4. Kumbuyo kwake kuli mabowo 4 omangira chitsulo. Pa mawailesi ang'ono mabowowa amatalikirana mamilimita 75 kapena 100. Muyeso umenewu umatchedwa VESA. Yezani ndi tepi musanapite kusitolo, kuti mugule chitsulo cholingana.

Zitsulo zilipo za mitundu iwiri. China chimagwira wailesi pafupi ndi khoma. China chili ndi mkono wotambasuka, woti mutembenuzire wailesi kumene mukufuna. Cha mkono n'chosangalatsa, koma chimavutitsa khoma. Tayesani kunyamula ndowa ya madzi mkono uli pafupi ndi thupi. Kenaka tambasulani mkonowo. Madzi ndi omwewo, koma phewa likumva kuwawa, si choncho? Ndi mmenenso mabawuti amamvera. Ngati mwasankha cha mkono, gulani chopangidwira makalavani, chokhala ndi loko wotsekera mkonowo paulendo. Cha m'nyumba wamba chilibe loko. Chimangopukusika mpaka galasi la wailesi ligunde kabati.

Nanga ikhale pamwamba bwanji? Apa musayeze muli chiimire. Dulani katoni yolingana ndi wailesi. Mwini wake agone pa bedi, inu mugwire katoniyo pakhoma, mpaka anene kuti pali bwino. Lembani ndi pensulo. Ikakhala pamwamba, iweramitseni pang'ono kuti chithunzi chisade. Isakhale pamwamba pa mutu wa munthu wogona, ndiponso isatseke zenera kapena njira yotulukira. Siyani mpata kumbuyo kuti mphepo izidutsa, pakuti wailesi imatentha.

Za magetsi

Batire ya kalavani imapereka mavoti 12. Wailesi ya m'nyumba imafuna mavoti 230, kapena 120 ngati ndi ku America. Choncho wailesi wamba imagwira ntchito pokhapokha kalavani italumikizidwa ku magetsi a pamalo ogona alendo, kapena pakhale makina osinthira mphamvu otchedwa inverter. Alipo mawailesi opangidwira mavoti 12. Amenewo ndi abwino kwa woyenda kutali ndi tauni. Kukoka waya watsopano ndi ntchito ya munthu wodziwa zamagetsi. Inu ingosiyani waya wotalikirapo pang'ono, kuti mkono ukatambasuka asakokeke.

Tsiku la ulendo

Musananyamuke, pindani mkono ndi kutseka loko. Onjezerani lamba kuzungulira wailesi. Ngati msewu ndi wafumbi ndi wokumbika, ndi bwino kuichotsa ndithu. Igonekeni pa bedi, galasi litayang'ana pansi, ndipo muitchinge ndi mapilo mbali zonse. Mukafika, tengani sipanala muyese manati onse. Amene wakhwefuka mumangeni pomwepo.