Kroton: Duwa la Masamba Amawangamawanga

Aliyense amene anayendapo m'makomo a ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota analionapo duwa ili, ngakhale ambiri sadziwa dzina lake. Ndi chitsamba cha masamba okhuthala, onyezimira, osakaniza kubiriwira, chikasu ndi kufiira. Dzina lake ndi kroton, ndipo akatswiri a zomera amalitcha Codiaeum variegatum. Kwawo kwenikweni ndi ku Indonesia, Malaysia ndi zilumba za m'nyanja ya Pacific. Abale athu a ku Indonesia amalitcha puring, ndipo amakonda kulibzala ngakhale kumanda.

Timati duwa, koma maluwa ake enieni ndi aang'ono osaoneka bwino. Ulemerero wake uli m'masamba, amene sayoyoka chaka chonse. Limadana ndi chisanu. N'chifukwa chake ku Dedza limavutika mu June ndi July, pamene kuno kunyanja limakondwa.

Simufunika kugula mbewu. Pemphani kanthambi kwa mnansi, kotalika masentimita 15 kapena 20. Chotsani masamba am'munsi, dikirani utomoni uume, ndipo muzike m'chitini chobowola pansi, momwe mwasakaniza mchenga ndi manyowa owolerana. Chiikeni pamthunzi, dothi lisaume. Pakatha milungu 4 mpaka 6 mizu imakhala itatuluka. Wokerani mvula ikakhazikika mu December, motalikana mita imodzi. Dothi lathu lamchenga silisunga madzi, tsono musaumire manyowa m'dzenjemo.

Amayi ambiri amadandaula kuti kroton wawo anasanduka wobiriwira yekhayekha. Kawirikawiri cholakwa ndi malo. Mukalibzala pansi pa mtengo wa mango pamene dzuwa silifika, mawanga aja amazilala. Koma dzuwa la masana la October nalo limawaula masamba. Malo amene ine ndimawakonda ndi kum'mawa kwa nyumba, kumene dzuwa limaomba mpaka chakumasana, kenaka khoma n'kupereka mthunzi. Mukaona nthambi imodzi yobiriwira ikukula mothamanga, iduleni, chifukwa imaposa zinzake mphamvu. Kutsina nsonga kumathandiza kuti chitsamba chiyange. Mukachilekerera chimafika mamita atatu, kunsi kuli mbee.

Nanga madzi m'chilimwe? Ife Asilamu tili ndi mwayi umene timautaya kasanu pa tsiku. Madzi a wudhu alibe sopo, ndipo Mtumiki (SAW) anatiletsa kuononga madzi. Pa madrasa pathu tinakumba kangalande kuchokera pochitira wudhu kukafika pa mzere wa kroton, ndipo chiyambire palibe mwana amene anasenzapo ndowa kukathirira. Madzi ochapira zovala okha ayi, sopo wake amachuluka. Phimbirani pansi ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde kuopa chiswe.

Kunsi kwa masamba mukaona tizilombo toyera ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa chinangwa, pukutani ndi kansalu konyowetsa m'madzi a sopo pang'ono, ndipo mubwereze pakatha mlungu.

Tsopano chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi. Kroton ali ndi utomoni woyera ngati mkaka, ndipo ndi wapoizoni. Umayabwa pakhungu, umawawa koopsa m'maso, ndipo wodya masamba kapena njere zake amasanza ndi kutsegula m'mimba. Tsiku lina mtsikana wina wa m'kalasi mwanga anathyola tsamba kuti aike chizindikiro mu Juzuu yake, kenaka n'kutikita m'maso. Kulira kwake kunaimitsa phunziro lonse. Tinamutsuka ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi ngati 15, n'kupita naye kuchipatala. Alhamdulillah diso linachira, koma mlandu unali wanga, pakuti ndinabzala osawachenjeza ana.

Choncho musalibzale pamene ana amachitira masanje, poti masamba okongolawa amawakopa kuti aphike ndiwo. Mbuzi nazo zitalikire. Podulira, valani jumbo m'manja ngati mulibe magolovesi, ndipo musambe ndi sopo musanagwire chakudya kapena kunyamula khanda. Nthambi zodulazo zikwirireni m'dzenje, osaziponya kukhola.