Kolera ndi impso: yang'anirani mkodzo

Matenda a kolera amamaliza madzi m'thupi msanga, nthawi zina m'maola ochepa chabe. Madzi akachepa, magazi safika okwanira ku impso, ndipo impsozo zimaleka kusefa zoipa. Madokotala apeza kuti izi zimachitika kwambiri kwa odwala ofika mochedwa kuchipatala, makamaka okalamba.

Ndiye inu yang'anirani mkodzo. Wodwala akamakodza pang'ono, kapena akasiyiratu, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kumalo othandizira odwala kolera, mukum'mwetsa SRO pang'onopang'ono njira yonse, ngakhale akusanza. Paketi imodzi ya SRO muisungunule m'lita 1 ya madzi owiritsa kapena othira Certeza.

Ena amam'mana madzi wodwala, ati kuti m'mimba mutseke. Ayi ndithu, kumeneko n'kupha impso. Mapiritsi a ululu monga ibuprofen ndi diclofenac nawonso musam'patse, amawonjezera vutolo.