Nyengo yozizira yafika: tisunge kutentha m'nyumba ndi chinyezi m'dimba

Mvula yatha, udzu wayamba kuuma, ndipo aliyense wolawirira kumjigo akumva kale mphepo yobaya m'mafupa. Kuno ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuzizira kumayamba mu Meyi, kumafika pachimake mu Juni ndi Julayi, kenaka kumachepa chakumapeto kwa Ogasiti. Kampu yathu ili pamalo okwera ndiponso pamtetete, popanda mitengo yambiri yotchinga mphepo, moti masiku ena m'bandakucha kuzizira kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10. Amene anachokera kumadera otentha a m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, monga Uvira ndi Bujumbura, ndipo chaka chino n'choyamba kukhala kuno, akonzekere kuzizira kumene sanakuzolowere.

M'miyezi imeneyi pali zinthu ziwiri zimene zimasowa msanga pakhomo: kutentha m'nyumba ndi chinyezi m'dimba. Zonse ziwiri n'zodula kuzipeza, poti makala amafuna ndalama ndipo madzi amafuna kuima pamzere. Choncho nzeru yagona pa kusunga zochepa zimene tili nazo, koma mosaika moyo pachiswe.

Kodi kutentha kwa m'nyumba kumathawira kuti?

Usiku wopanda mitambo ndi umene umazizira kwambiri. Mitambo imakhala ngati bulangete la dziko: ikakhalapo, kutentha kumene nthaka yalandira masana sikuchoka msanga. Nyengo ino kumwamba kumakhala koyera, ndipo kutenthako kumachoka usiku wonse mpaka dzuwa litatuluka.

M'nyumba, kutentha kumatulukira njira zitatu. Yoyamba ndi denga, makamaka la malata kapena lapulasitiki, limene limazizira dzuwa likangolowa. Yachiwiri ndi ming'alu ya m'khoma ndi mpata wapansi pa chitseko, momwe mphepo imalowera. Yachitatu, imene ambiri saiganizira, ndi pansi pamene timagona. Dothi kapena simenti yozizira imakoka kutentha kwa thupi usiku wonse, n'chifukwa chake munthu amatha kufunda mabulangete awiri koma n'kumanjenjemerabe.

Matani ming'alu ndi dothi lonyowa masana, kuti liume dzuwa lisanalowe. Pansi pa chitseko ikani thumba lakale lopindapinda. Pansi pa mphasa kapena matiresi yalani makatoni, matumba kapena udzu wouma bwino. Ngati muli ndi zofunda ziwiri, nthawi zambiri mumafundidwa bwino mukayala chimodzi pansi n'kufunda chinacho. Zovala zopyapyala ziwiri kapena zitatu zovalidwa pamodzi zimasunga kutentha kuposa chovala chimodzi chokhuthala, chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pake ndi umene umafunditsa. Zofunda muziziyanika padzuwa masana ndi kuzilowetsa kusanayambe kuzizira.

Koma musatseke nyumba yonse. Timipata tam'mwamba, pakati pa khoma ndi denga, tisiyeni totsekula. Chifukwa chake chili m'ndime yotsatirayi.

Mbaula m'chipinda chotseka imapha

Makala akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka, sununkha ndipo sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umakakamira m'magazi pamalo pamene pamayenera kukhala mpweya wabwino, ndipo ubongo ndi mtima zimayamba kuperewera mpweya. Munthu amene ali m'tulo sadzidzimuka. Amangogona tulo tofa nato mpaka kukomoka, ndipo banja lonse lingathe kufa usiku umodzi.

Ambiri amaganiza kuti makala akasiya kufuka n'kufiira, ngozi yatha. Si zoona. Makala ofiira opanda utsi amatulutsabe mpweya umenewu, ngakhale ataphimbidwa ndi phulusa. Mabriketi nawonso n'chimodzimodzi.

Lamulo lake ndi limodzi: mbaula isagone m'nyumba. Ngati mwaothera moto m'nyumba madzulo, chitseko kapena zenera zikhale zotsekula, ndipo musanagone tulutsani mbaula ndi kuzimitsa makala panja. Timipata tam'mwamba timathandiza kuti mpweya uziyenda, koma sitikwanira kuteteza anthu ogona pafupi ndi makala oyaka. Ngati mukufuna pogona pofunda, thirani madzi otentha pang'ono m'botolo lotseka bwino, likulungeni m'nsalu n'kuliika m'zofunda musanagone. Botolo lotere lisakhudze khungu la khanda.

Zizindikiro za mpweya wapoizoniwu ndi mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kusanza, kufooka ndi kusokonekera maganizo. Mukaona kuti anthu angapo m'nyumba imodzi ayamba kumva zimenezi nthawi imodzi, tsekulani chitseko, tulutsani aliyense panja, ndipo pitani nawo ku Dzaleka Health Centre msanga, ngakhale ataoneka kuti atsitsimuka. Amayi oyembekezera, makanda ndi okalamba ndi amene amavulala kwambiri. Munthu wokomoka musamumwetse kanthu. Mugonekeni chammbali pamene mukufuna thandizo.

Moto ndi mabala akupsa

Dzaleka inatsekulidwa mu 1994 kuti izisunga anthu pafupifupi 10,000, koma lero tilipo oposa 50,000. Nyumba zathu zinathithikana, ndipo nyengo ino udzu ndi wouma, mphepo ndi yamphamvu. Moto wa nyumba imodzi suchedwa kulumphira kwa oyandikana nawo. Kandulo muziyiimika m'chitini kapena pambale yachitsulo, kutali ndi neti ndi nsalu zotchinga, ndipo muziyizimitsa musanagone. Phulusa musalitaye paudzu musanalithire madzi.

Ana amapsa kwambiri nyengo ino chifukwa amaunjikana pamoto m'mawa. Mwana wokwawa asatsale yekha pafupi ndi mbaula, ndipo poto wa phala kapena madzi otentha asakhale pansi pamene ana akusewera. Munthu amene ali ndi matenda akugwa asaothe moto payekha. Wina akapsa, thirani madzi ozizira aukhondo pabalapo kwa mphindi 20, kwinaku thupi lonse mutalifunditsa. Musapakepo mafuta, dzira, mankhwala otsukira mano kapena dothi, ndipo matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera n'kupita kuchipatala.

Ana, okalamba ndi chibayo

Kuzizira pakokha si kumene kumayambitsa chimfine kapena chibayo. Matendawa amayamba ndi tizilombo, koma timafala mosavuta anthu akamakhala mothinana m'nyumba zotseka, ndipo utsi ndi fumbi zimafooketsa mapapo. Ichi ndi chifukwa chinanso chotsekulira mazenera masana ndi kuphikira panja kapena pamalo podutsa mphepo.

Mwana akakhala ndi chifuwa, werengani kapumidwe kake kwa mphindi imodzi yathunthu ali phee. Akupuma mofulumira ngati mwana wosakwana miyezi iwiri akupuma maulendo 60 kapena kuposa, wa miyezi iwiri mpaka 11 maulendo 50 kapena kuposa, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu maulendo 40 kapena kuposa. Mwana wotere apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati m'munsi mwa chifuwa mukulowa mkati akamakoka mpweya, akukana kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, akukomoka kapena akuvuta kudzutsa, musadikire kuti kuche. Onaninso m'buku la kusikelo ngati analandira katemera yense. Katemera woteteza ku chibayo amaperekedwa mwana akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14.

Khanda limataya kutentha msanga, makamaka kudzera kumutu. Livekeni chipewa ndi masokosi, ndipo lisambitseni masana dzuwa likuwala, ndi madzi ofunda, n'kulipukuta nthawi yomweyo. Mwana wobadwa wochepa thupi amafundidwa bwino akagona pachifuwa cha mayi kapena bambo, khungu ndi khungu, atamangiriridwa ndi chitenje. Pomufunditsa musamuphimbe kumaso.

Wamkulu amene watsokomola masabata awiri, kapena akutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, akayezetse chifuwa chachikulu cha TB. Ndipo ngakhale udzudzu wachepa, malungo sanathe: pitirizani kugona m'neti.

Kuphika ndi makala ochepa

Thupi limafuna chakudya kuti lizitentha, choncho ana asapite kusukulu m'mawa osadya kanthu kofunda, ngakhale phala lochepa. Kuti makala afike kutali, viikani nyemba m'madzi usiku wonse musanaphike, vundikirani poto nthawi zonse, ndipo tchingani mbaula kumbali imene mphepo ikuchokera. Amene amaphikira nkhuni, mbaula yadothi ya Chitetezo imatha nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu.

Njira ina ndi iyi. Nyemba zoviikidwa zikawira bwino kwa mphindi pafupifupi 20, tsitsani poto ali chivundikirire, mukulungeni m'bulangete lakale n'kumuika m'dengu kapena m'katoni yodzaza nsanza kapena udzu wouma. Kutentha kotsekeredwako kumapitiriza kuphika kwa maola atatu kapena anayi popanda khala ngakhale limodzi. Mpunga umafuna kuwira mphindi zochepa chabe musanaukulunge. Musawotche mapulasitiki pofuna kuyatsa kapena kuotha moto, chifukwa utsi wake umawononga mapapo.

Dimba limakonda kuzizira, koma limafuna chinyezi

Nyengo imene imativutitsa m'nyumba ndi yomwe ndiwo zamasamba zambiri zimakula bwino. Repu, mpiru, tchainizi, kabichi, anyezi, karoti ndi nsawawa zimakonda kuzizira, ndipo matenda ambiri a masamba amene amabwera ndi mvula amachepa. Bonongwe ndi therere zimakonda kutentha, choncho zimakula pang'onopang'ono mpaka Seputembala. Vuto lalikulu ndi madzi, poti mvula yeniyeni sidzagwanso mpaka cha mu Novembala, ndipo mphepo imaumitsa nthaka msanga.

Yambani ndi malo aang'ono amene mungathe kuthirira tsiku lililonse. Bedi limodzi losamalidwa limapereka ndiwo zambiri kuposa mabedi anayi ofota. Nyengo yopanda mvula bedi likhale lolowa pansi pang'ono, kuti madzi asathawire m'mbali. Sakanizani dothi ndi manyowa owola bwino, chifukwa manyowa amagwira madzi ngati siponji. Zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha mizu, choncho ziyambe zawola. Mukaokera mbande, phimbirani nthaka ndi udzu wouma kapena mapesi, koma osagunditsa kutsinde. Kumbali yochokera mphepo mangani kampanda ka udzu kapena matumba.

Mbande za repu ndi mpiru zimaokeredwa pakatha masabata atatu kapena anayi chifesereni, motalikirana masentimita pafupifupi 30. Anyezi amakhala panazale masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu. Okerani madzulo kuti mbande zisafote. Thirirani patsinde, m'mawa kapena chakumadzulo dzuwa litapepa. Pothyola, tengani masamba akunsi n'kusiya apakati, ndipo mbewuyo idzakupatsani ndiwo kwa masabata ambiri.

Amene alibe malo angalime m'thumba. Imikani thumba lakale la ufa, pakati pake pangani mzati wa timiyala kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo m'mbali mwake dzazani dothi losakaniza ndi manyowa. Boolani timabowo m'mbali mwa thumba n'kubzalamo mbande, zina pamwamba. Madzi mukathira patimiyalapo amatsika n'kufika kumizu yonse. Liikeni pamalo pofika dzuwa kwa theka la tsiku kapena kuposa.

Madzi otsukira ndiwo, mpunga kapena otsukuluzira zovala angathe kuthiriridwa m'dimba, bola muwathire panthaka, osati pamasamba. Madzi ochapira matewera, amene muli jiki kapena mafuta ambiri, asapite kundiwo. Kumjigo madzi akumwa ndi ophikira ndiwo oyamba, ndipo tisachotse anzathu pamzere chifukwa cha dimba.

Nsabwe za m'masamba zimachuluka kukauma. Muziyang'ana kunsi kwa masamba kawiri pa sabata. Zikakhala zochepa zifinyeni ndi zala kapena chotsani tsamba logwidwalo. Zikachuluka, sungunulani supuni yaing'ono ya sopo m'lita imodzi ya madzi n'kuwaza madzulo, mutayamba mwayesa pa mbewu zochepa. Mapesi, makoko ndi masamba ouma musawotche: unjikani m'dzenje pamodzi ndi ndowe ndi phulusa pang'ono, muzinyowetsa ndi kutembenuza, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzakhala ndi manyowa.

Nkhuku ndi anapiye

Anapiye amafa msanga ndi kuzizira m'masabata awo oyamba. Usiku agone ndi make m'dengu kapena m'katoni yoyalidwa udzu wouma, pamalo posafika mphepo, ndipo m'mawa muwatulutse dzuwa litakwera. Matenda a chitopa amavuta kwambiri m'miyezi yopanda mvula, ndipo alibe mankhwala ochiza. Chitetezo chake ndi katemera wa I-2, wodonthezera m'diso, amene amabwerezedwa pakatha miyezi itatu kapena inayi. Funsani alangizi a ziweto za nthawi ya katemerayu nkhuku zisanayambe kudwala. Nkhuku yongogula kumsika ikhale payokha masabata awiri musanaiphatikize ndi zina.

Tiyenderane m'mawa

Amene kuzizira kumawapweteka kwambiri nthawi zambiri sadandaula: agogo okhala okha, anthu olumala, odwala matenda a mgonagona, ana opanda makolo ndi mabanja ongofika kumene. Mukaona chitseko cha mnansi wanu chili chitsekere dzuwa litakwera, gogodani. Ngati banja lina lilibe zofunda kapena nyumba yake ikulowa mphepo kwambiri, dziwitsani mtsogoleri wa zoni yanu kapena alangizi a zaumoyo kuti nkhaniyo ifike kwa oyenera. Mverani za nyengo pa wailesi ya Yetu ndi mawailesi ena, ndipo amene mwawerenga nkhaniyi mufotokozereni mnzanu amene sawerenga Chichewa, makamaka za mbaula.