Kulipira pakhomo kuti ukaope

Ku Nchalo, tsiku limene odula nzimbe alandira, kanyumba koonetsera vidiyo kamadzaza dzuwa lisanalowe bwinobwino. Kunja kukutentha, mkati ndiye osanena, thukuta lili kamukamu, koma palibe wotuluka. Pa kanema pali mayi wovala zoyera, maso ali psu, akuyenda osaponda pansi. DJ amene anaika mawu a Chichewa pa filimuyo akuthira ndemanga zake, anthu akuseka uku akugwirana mapewa. Kamnyamata kena kabisa nkhope m'manja, koma kakusuzumira pakati pa zala. Mawa kabweranso ndi ndalama yake, chifukwa gawo la lero lathera pomwe chitseko chinayamba kutseguka chokha.

Anzanga a ku Blantyre ndikawafotokozera zimenezi sachedwa kuyankha. Amati anthu a kuchigwa cha Shire amakonda masewero a afiti ndi mizukwa chifukwa amakhulupirira kwambiri zamasalamusi. Ndimawamvetsa, koma ndimawafunsa kuti nanga amene amaonera Africa Magic pa mipando ya sofa ku Namiwawa ndi a ku Bangula? Ku America sewero la Supernatural linayenda zaka 15, kuchokera mu 2005 mpaka 2020. La The Walking Dead, la mitembo yoyenda, linayamba mu 2010 n'kudzatha mu 2022. Ku India kuli Naagin, nkhani ya mkazi wosanduka njoka, imene inayamba mu 2015 ndipo akhala akuiwonjezera magawo. Oonera ambiri kumeneko sanapondeko kwa sing'anga chibadwire. Chimene chimawakoka n'chomwecho chimene chimakoka kamnyamata ka ku Nchalo kaja.

Thupi la munthu silidziwa kuti ili ndi filimu chabe. Nyimbo ikatsika, chithunzi chikada, mtima umayamba kugunda mofulumira, magazi amathamangira ku miyendo ndi m'manja, ngati mmene zimakhalira ukamva tswatswa m'bango uli pa dooko. Koma mutu ukudziwa kuti wakhala pa benchi, mnzako ali pambali, chitseko chili apo. Ndiye choopsacho chikadutsa, thupi limamasuka, ndipo kumasukako n'kumene kumakoma. N'chifukwa chake kukuwa kumatsatana ndi kuseka. Opanga masewerowa amadziwa zimenezi kuposa ife. Yesani tsiku lina kutseka mawu pamene mzukwa ukutulukira: mudzaona munthu wodzola ufa kumaso, magazi ake ndi utoto, ndipo kusowa kwake kwadzidzidzi n'kudula kanema basi. Mantha ambiri amalowera m'khutu.

Akuluakulu ena amati zonsezi zinabwera ndi a ku Nigeria, kale kunalibe. Pali kachoonadi pamenepa. Filimu ya Living in Bondage ya mu 1992, ya mwamuna amene anapereka mkazi wake nsembe pofuna chuma, mzimu wa mkaziyo n'kumamuzunza, ndiyo inatsegula njira imene ena ambiri anadzatsata, ndipo nkhope ngati ya Patience Ozokwor ndi Kanayo O. Kanayo zinafika pomadziwika ngati za abale. Komatu kanema wa dziko lino anangoyamba mu 1999, ndipo kuopsezana madzulo sikunadikire iye. Agogo athu ankatiimbira nthano za zilombo zomeza mudzi wonse, ife titaunjikana pa mkeka, wina aliyense akukana kukhala kumphepete. Pa wailesi ya MBC, pulogalamu ya Nkhani za m'maboma yakhala ikusonkhanitsa mabanja ndi nkhani za ndege za ufiti ndi anthu opezeka pa manda m'bandakucha.

Ndipo chigwa chino chili ndi nkhani yake yaikulu, imene sindingaiike pa mzere umodzi ndi zosangalatsa za pa kanema, popeza ndi yopatulika kwa Amang'anja. Ndikunena za Mbona, wa mvula, amene adani ake analephera kumulasa ndi zida zawo, amene magazi ake akuti anasanduka madzi a Ndione, ndipo mutu wake unaikidwa ku Khulubvi m'boma la Nsanje, kumene kachisi wake akusamalidwa mpaka lero. Matthew Schoffeleers, wansembe wa Chikatolika amene anagwira ntchito m'chigwa chino, analemba buku lathunthu la nkhaniyi, River of Blood, mu 1992. Anthu amene anakula akumva nkhani yakuya chonchi safunika kuphunzitsidwa ndi Lagos kuti dziko lili ndi mbali yosaoneka. Chimene Lagos inabweretsa ndi zithunzi, ndi luso lodula nkhani pokoma kuti ubwerenso mawa.

Koma ine ndikuganiza kuti chokoka chenicheni chili pena. Zoopsa za kuchigwa zilibe nkhope. Madzi amene anamiza Makhanga mu 2015 sunganene nawo mlandu kwa mfumu. Namondwe Ana, amene mu Januwale 2022 anagumula damu la Kapichira n'kuzimitsa magetsi m'dziko muno, sanapepese kwa wina aliyense, ndipo Freddy anabweranso mu 2023. Malungo amatenga mwana amene dzulo ankasewera. Munthu umatsala ndi funso lakuti "bwanji ine?" popanda woyankha. Sewero la pa kanema limayankha. Mmenemo tsoka lililonse lili ndi mwini wake: apongozi a nsanje, amalume ofuna munda, mnzako wa bizinesi. Ndipo pa gawo lomaliza woipayo amagubuduzika pansi, akuulula zonse mmodzimmodzi, abusa atamuimirira. Choipa chitsata mwini, ndipo pa kanema chimamupezadi, ife tikuona. Moyo weniweni sukhala waulemu chotero. Ndani angadabwe kuti munthu amene chimanga chake chapita ndi madzi akulipira kuti aone dziko limene zinthu zimatha bwino?

Vuto limayamba munthu akatuluka nalo yankho lija m'kanyumba ka vidiyo n'kupita nalo kumudzi. Taonani za ng'ona. M'mbali mwa Shire ndi ku dambo la Elephant Marsh mumamveka kawirikawiri kuti ng'ona yagwira munthu inali yotumidwa, apo ayi ikanasiya bwanji anthu asanu n'kusankha mmodzi? Funsoli si lopusa. Ng'ona imasankhadi. Imatha kukhala masiku ikuyang'ana dooko, maso okha ali pamwamba pa madzi, ikuphunzira nthawi imene anthu amabwera ndi pamene amaima. Imatenga amene wawerama, amene wapatuka pa gulu, amene walowa mkati pang'ono. Nyengo yotentha imakhala yochangamuka, madzi akasefukira imafika pamene sinkafika, ndipo yaikazi imalusa polondera mazira ake. Nzeru zimene timaziona mwa iyo n'zake zomwe. Sinachite kubwereka kwa gogo wa kuseri kwa mudzi.

Chimodzimodzi zija zoti ukaonera masewerowa ziwanda zimakutsata, umadzuka usiku china chitakukhalira pachifuwa, kukuwa kukukanika, miyendo ili nji. Amene zinamuchitikirapo sanama ayi, ndipo zimaopsa zedi. Madokotala amazidziwa. Munthu akamalota, ubongo umamanga minofu kuti asamachite zimene akulotazo. Nthawi zina maso amatseguka thupi lisanamasulidwe, maloto n'kusakanikirana ndi chipinda chimene wagona. Zimachitika kwambiri kwa wogona mochedwa, wotopa, wa nkhawa, wogona chagada. Ndiye amayi amene amaletsa ana kuonera zoopsa usiku akunena zoona, ngakhale chifukwa chake si chimene ambiri timaganiza. Mwana wa zaka 6 sanafike posiyanitsa ufa wa kumaso ndi mzukwa.

Tinaona kumene mantha opanda benchi ndi chitseko amafikitsa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kufalikira m'maboma ena a kum'mwera, Nsanje yomwe. Anthu anagona panja, misewu inatsekedwa ndi magulu olondera, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena, ndipo anthu osalakwa anaphedwa. Ku Neno mu Januwale 2016, okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la za ufiti la mu 1911, limene likugwirabe ntchito, limaletsa kutchula munthu mfiti. Sindikunena kuti kanema ndiye anachita zimenezi. Mphekesera za opopa magazi zinaliko ndi mu 2002, zinalikonso nthawi ya atsamunda. Ndikungoti chilakolako chofuna kupeza nkhope ya tsoka n'chakale mwa ife, ndipo pa kanema chimakhuta popanda wovulala, pamene pa bwalo la mudzi chimafuna munthu weniweni.

Usiku wina ku Nchalo komweko, jenereta inatha mafuta mfiti ya mu filimu ija itangoyamba kuulula. Mdima unagwa bii, anthu anakuwa, kenako anayamba kulalatira mwini vidiyo kuti abweze ndalama. Iye anati mawa onse alowa ulere. Tinatuluka m'magulumagulu, aliyense akunamizira kuti akuperekeza mnzake. Kamnyamata kaja kanagwira dzanja la mlongo wake, kakumufunsa ngati mayi wa zoyera uja amalandira malipiro pa mwezi kapena pa gawo.